Thireyi Yofiira

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene, alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chimene chinandilandira nditangofika chatha. Mawondo anuwo akutani?

Ndaganiza zolemba chifukwa pafoni tsiku lija sitinamvane. Inu mumangoti "Ati chiyani?", ine n'kubwereza, anthu a m'nyumba muno n'kumandiyang'ana, mpaka mawu anandithera. Papepala ndimalankhulako bwino. Alamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera. Muziwerenga pang'onopang'ono, ndipo chonde musamathiremo zanu.

Ntchito ndaipeza, ndayamba Lachinayi. Andilemba mondiyesa kwa miyezi itatu. Pa 6 Juni ndi pamene adzanene ngati ndikhale kapena ndichoke. Akadzandilemba mokhazikika adzandipatsa kalata yoti ndikaonjezere masiku pa mapepala anga okhalira kuno, chifukwa amene ndili nawowa akutha kumapeto kwa Julayi. Muzindipempherera kuti miyezi itatuyi ndiidutse popanda cholakwa.

Amene andipezera ntchitoyi ndi mayi ena olankhula chilankhulo chathu, amene ndikugona nawo chipinda chimodzi. Aliyense amawatcha Mayi Majuzi, chifukwa amagwira m'chipinda chozizira ndipo amavala majuzi atatu ngakhale kunja dzuwa likuswa mutu. Agwira pakampanipa zaka khumi ndi zinayi. Anakandiimika pamaso pa akapitawo n'kunena kuti, "Uyu salankhula, sayendayenda, foni yake sikulira. Mukamulemba mwalemba manja okhaokha." Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Ntchito yanga ndi yotsuka. Ndili ndi sinki yangayanga, yaitali ngati bedi, pafupi ndi windo. Ndimatsuka mabotolo agalasi, ena aakulu ngati ndowa, ena aang'ono ngati chala changa chakumapeto. Lamulo lake n'losavuta. Chilichonse chimene chili m'thireyi yofiira n'changa, nditsuke. Cha m'thireyi yabuluu ndisachikhudze, ngakhale kuchipumira. Katsukidwe kake ndi sopo kamodzi, kutsukuluza katatu ndi madzi a pampopi, kenaka katatu ndi madzi ena apadera ochokera m'makina. Ndimavala magolovesi, chovala choyera chofika m'mawondo, ndi kachipewa kophimba tsitsi. Mukanandiona mukanati ndine namwino.

Chilankhulo cha kuno ndikuchimva pang'ono akamalankhula mosathamanga. Kuyankha ndiye kumene kukundivuta, koma sinki sifunsa mafunso.

Chimene amapanga pano sindinachimvetse. Ndikachimvetsa ndikuuzani.

Achimwene akonze chitseko cha kuchipinda kwanu, chimalowetsa mphepo. Inu musamanyamule madzi, ana alipo. Bulangeti limene ndapatsira adalaivala a basi ndi lanu, si la ana, ngakhale alire.

Ndine mzime wanu.

30 Malichi

Amayi anga,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ine ndili bwino, kungoti zala zasenda pang'ono chifukwa cha kukhala m'magolovesi tsiku lonse.

Kalata imene alamu analemba ndalandira. Ndamva kuti mwauza anzanu onse kuti mwana wanu akupanga mankhwala, ndiponso mukuti ndikutumizireni botolo limodzi la mawondo. Amayi, sizili choncho. Ndifotokoze mmene ndamvera.

Pali mayi ena ophunzira kwambiri amene timawatcha Adokotala, ngakhale sapima odwala. Ndi aafupi, amayenda chothamanga, ndipo amaiwala magalasi awo paliponse, ngakhale mufiriji. Tsiku lina anandipeza ndikusuzumira chithanki chachitsulo chimene amasungamo msuzi wachikasu wonunkha ngati masokosi onyowa. Ndinafuna kuthawa, koma anandiimika n'kuitana Mayi Majuzi kuti amasulire.

Akuti munga ukakubayani, m'thupi muli tinthu ting'onoting'ono tokhala ngati amithenga, timene timathamanga kukaitana chithandizo. Ndi chifukwa chake malowo amatupa, amatentha ndi kupweteka. Dzina la amithengawa ndi masaitokaini. Ndalikopera pabokosi kuti ndisalakwitse. Akuti ndi mtundu wa mapuloteni. Nthawi zina sasiya kukuwa ngakhale munga utachoka kalekale, ndiye munthu amangotupa chaka ndi chaka, ngati mawondo anu.

Ndiye pano amapanga amithenga omwewo kunja kwa thupi. Amatenga tizilombo tosaoneka ndi maso, n'kutipatsa malangizo ofanana ndi a m'thupi la munthu, n'kutiweta m'thanki lija. Tizilomboto ndiye timagwira ntchito yopanga. Kenaka amasefa, kusefa, kusefanso, masiku ambiri, n'kudontheza pang'onopang'ono m'timabotolo, n'kuumitsa m'makina ozizira. Ogula ndi anthu ofufuza za matenda. Iwo amadontheza zimenezi pa tizidutswa ta thupi timene amasunga m'timbale, kuti aone mmene kutupa kumayambira, mwina tsiku lina adzapeze chokuletsa.

Ndinanong'oneza Mayi Majuzi kuti afunse ngati zingathandize mawondo anu. Adokotala anapukusa mutu mwamphamvu. Akuti zimenezi si zochiza, ndi zoyambitsa, ndipo munthu atadzibaya nazo angadwale koopsa. Pabokosi lililonse analembapo kuti si za anthu.

Mayi Majuzi anati, "Wamva? Ife timaphika kutupa n'kugulitsa. Zikanakhala zochiza, ine ndi mawondo angawa bwenzi nditamwa kale thanki lonse." Anabwereza m'chilankhulo cha kuno kuti Adokotala aseke. Adokotala anaseka. Akapitawo, amene anaima pakhomo, sanaseke.

Choncho pitirizani kumwa za kuchipatala, ndipo anzanuwo muwauze kuti mwana wanu amatsuka mabotolo. Timabotolo tomalizidwato ine sindinationepo n'komwe. Timapita m'thireyi yabuluu yovindikira, molunjika kuchipinda chozizira. Komabe ndikamatsuka ndimaganiza kuti mwina botolo limeneli likupita kutali, kudutsa m'manja ambiri, ndipo kumapeto kwake kuli mawondo a munthu ngati inu. Ndiye ndimatsukuluza bwino.

Akapitawo sananenepo kanthu za ntchito yanga, chabwino kapena choipa. Amangodutsa. Ndayamba kumaliza msanga n'kumayenda m'makonde kufuna zina zoti nditsuke, kuti aone kuti sindikhala pansi.

Mundipatsire moni ana.

Mwana wanu womaliza.

20 Epulo

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Ine ndilipo.

Pepani ndachedwa kulemba, ndipo lero sindilemba zambiri. Kuno kwayamba kuzizira m'mawa. Basi yakwera mtengo, ndiye theka la njira ndimayenda pansi. Mafuta amene ndaika mu jumbo pamodzi ndi kalatayi ndi a mawondo anu. Alamu azikusisitani, asamangokupatsani botolo n'kuchoka. Nsapato za ana zidikire mwezi wamawa.

Kuntchito kwachitika zina. Katundu wasowa, thireyi yathunthu ya timabotolo tomalizidwa, ndipo chiyambire Lachitatu palibe amene akuseka. Asecha mafiriji onse, makabati, ngakhale kuseri kwa thanki. Akapitawo akuitana anthu mmodzimmodzi mu ofesi. Ine sanandiitane. Anadutsa pasinki panga, anandiyang'ana, n'kuuza mnzawo kuti uyu sadziwa kanthu. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ntchito yanga ndi yaukhondo. Ndi koyamba kundiyamikira. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika ndidzasangalala.

Lachisanu ndinagwetsa botolo lalikulu, koyamba chiyambire. Silinandicheke.

Amayi, ndifunseko. Munthu akalakwa asakudziwa, ndiye wadziwa pambuyo pake, kulakwa kwakeko kumayambira pati? Pa tsiku lochita, kapena pa tsiku lodziwa? Sindikufunsira munthu aliyense. Ndimangoganiza ndikamatsuka.

Chitseko chija achimwene anakonza? Simunanene.

Ine wanu.

4 Meyi

Amayi anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino. Mwati kalata yanga yapita ija inali ngati ya munthu amene wabisa chinthu kumsana. Mwaona bwino. Alamu, musanapitirize tulutsani ana, ndipo tsitsani mawu.

Katundu amene anasowa uja sanabedwe. Ndinamutsuka ine.

Linali Lachiwiri masana. Ndinali nditamaliza zanga zonse, ndikuyenda ndi nsalu m'manja kufuna choti ndichite. Pafupi ndi chitseko cha chipinda chozizira ndinapeza kangolo kokankha, pamwamba pake thireyi yofiira yodzaza timabotolo, mazana awiri ndi makumi anayi. Kalikonse kanali ndi chotsekera chake cha labala, popanda pepala lomatapo. Ndinanyamula kamodzi n'kukayang'ana pawindo. Munalibe kanthu. Ndinakagwedeza pakhutu. Zii. Zoterezi ndinali nditazitsukapo kawiri, chifukwa akamayesa makina oumitsira amaikamo timabotolo topanda kanthu, n'kutitumiza kwa ine titatsekedwa chomwecho. Ndiye ndinakankha kangolo kupita kusinki. Zotsekera ndinataya m'bini. Sopo kamodzi, madzi a pampopi katatu, madzi apadera katatu. Nditatiumitsa ndinatiika pashelefu pamodzi ndi tinzake toyera, m'mizere yowongoka. Amayi, ndinapita kunyumba ndikusangalala. Ndinkati lero ndiye ndagwira ntchito.

M'mawa mwake Adokotala ankathamanga uku ndi uku kutsegula mafiriji onse. Kenaka anatisonkhanitsa n'kukweza m'mwamba kabotolo kamodzi ka ulendo wapita, kuti aliyense adziwe chimene tikufuna. Ndinayang'ana. Munalibe kanthu. Akuti ndi mmene timaonekera tikauma. Zimene zili m'katimo n'zochepa kuposa fumbi la paphiko la gulugufe. Ukakapendeka bwino pakuwala umaona kachifunga pansi, ngati munthu wapumira pagalasi. Ine ndinkaganiza kuti chinthu chodula chimaoneka. Ndinagwira khoma. Inali ntchito ya Adokotala ya mwezi wathunthu, ndipo kunali anthu akutali amene ankaidikira.

Mayi Majuzi anandigwira Lamlungu lapitali tikuchapa panja. Anati, "Iwe, sabata ziwiri ukutafuna chakudya ngati mbuzi yodwala. Unali iwe, eti?"

Ndinati, "Zinali m'thireyi yofiira."

Anasiya kufinya juzi. "Ndikudziwa. Ndinaikamo ndine."

Mathireyi abuluu anali atatha tsiku limenelo. Anati aike m'yofiira kwa mphindi zochepa chabe, kenaka anaitanidwa kukalandira galimoto ya ayezi. Pobwera anapeza kangolo palibe, n'kuganiza kuti Adokotala atenga. Atafunsidwa m'mawa mwake anachita mantha. Anati anaika m'yabuluu n'kulowetsa m'chipinda chozizira.

Ndinati ndikanene. Anandiloza ndi juzi yonyowayo. "Ukanene chiyani? Iwe uli poyesedwa. Ukatsegula pakamwa m'mawa, pofika masana uli kunja kwa geti. Ine zaka khumi ndi zinayi, andichita chiyani? Akalipa, atopa, aphika zina. Kukhala chete ndi ntchito imene umaidziwa kale. Igwire."

Ndiye ndikuigwira, Amayi. Kwatsala mwezi umodzi ndi masiku awiri.

Zimenezi zisatuluke m'nyumbamo. Alamu, ndikunena inu.

Ndine mzime wanu.

18 Meyi

Amayi,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti kuchipatala akusinthirani mapiritsi ndipo mukutha kufika kudimba. Musapyole muyeso, khasu muwasiyire ena. Ine ndilipo.

Mayi Majuzi awaimitsa ntchito. Yatha sabata ali pakhomo. Akapitawo sanatope monga mmene mayiwa ankanenera. Anakumbukira nthabwala ija ya mawondo ndi thanki, ndipo akuti Mayi Majuzi anatulutsa timabotolo kukagulitsa kwa anthu ngati mankhwala a nyamakazi. Anawasecha chikwama pamaso pa tonse. Anawavulitsa majuzi, imodzi imodzi, mpaka anatsala ndi bulauzi, ndipo ndinaona kuti ndi munthu wochepa thupi. Pakati pa anthu anaoneka ngati kamtsikana.

Lachisanu likudzali kuli msonkhano. Katunduyo akapanda kupezeka awachotsa, ndipo nkhani ipita kupolisi. Adokotala nawo asintha. Sakuthamanganso m'makonde. Ndamva kuti chimene chikuwadya si katundu wotayika, koma kuganiza kuti penapake pali munthu wodwala amene wagula kabotolo ndipo adzibaya nako.

M'chipinda muno Mayi Majuzi amangoluka ndi kumvera wailesi. Ndikabwera amandifunsa kuti, "Akulu a sinki, mwaswera? Mafiriji anga akundifunsa?" Ndikati ndiyambe nkhaniyo amakweza wailesi.

Kalata yanu ndawerenga kanayi. Achimwene akuti ndikhale chete, mayiwo ndi aakulu adziwa okha, ine ndiganize za kwathu. Alamu, inunso mwathiramo zanu, ndaona, masamba awiri. Sindikutsutsa. Denga likudontha, ana akufunika nsapato, ndikudziwa. Koma inu Amayi mwangonena mzere umodzi pansi penipeni: "Kodi mayi ameneyo ali ndi ana?" Ali nawo. Atatu, ndi zidzukulu ziwiri za mwana wawo amene anamwalira. Zithunzi zawo zili pakhoma pamwamba pa bedi lawo, moyang'anana ndi langa. Ndikatsegula maso m'mawa ndi zimene ndimayamba kuona.

Ndakhala ndikuganiza za amithenga aja. Munga wanga palibe amene akuuona, palibe amene akundiloza chala, koma m'kati muno mukutentha tsiku lonse. Kabotolo kalikonse kakabwera kusinki ndimakapendeka pawindo kawiri katatu ndisanakanyowetse, ndiye ntchito ikuchedwa.

Nkhuku yakuda ija musagulitse, ndi imene imalera bwino anapiye.

Mwana wanu.

25 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino, ndipo dzulo ndadya mpaka kupempha china. Alamu, iyi muwerenge achimwene alipo, ndipo musadumphe mzere.

Ndanena.

Lachinayi m'mawa ndinafika pakhomo la ofesi ya Adokotala katatu, katatu konse n'kubwerera. Mawu a chilankhulo cha kuno ndinali nditawakonza m'basi, koma ndikafika pachitseko ankabalalika. Ndiye ndinati pakamwa pandikanika, ndiyese manja. Ndinatenga timabotolo khumi topanda kanthu, n'kutitseka ndi labala, n'kutiika m'thireyi yofiira, n'kuika thireyiyo pakangolo, pamalo omwe aja pafupi ndi chipinda chozizira. Kenaka ndinapita kukagwira Adokotala pamkono wa chovala chawo. Chiyambire ndinali ndisanawakhudzepo. Anadabwa, koma ananditsata.

Ndinachita zonse monga tsiku lija, iwo akuona. Kuyang'ana pawindo. Kugwedeza pakhutu. Kukankha kangolo. Zotsekera m'bini. Sopo, madzi katatu, madzi enawo katatu. Pofika pa kabotolo kachitatu anali atamva. Ndinadziloza pachifuwa n'kunena mawu atatu amene ananditsalira: "Ine. Tonse. Apa."

Anazondotsa ndowa n'kukhalapo. Anandifunsa pang'onopang'ono, ngati akufunsa mwana, "Timabotolo tonse tinatsukidwira mu sinki iyi?" Ndinati inde. "Palibe kamene kanatuluka pageti?" Ndinati palibe. Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikhulupirira zinali zonse ziwiri. Kenaka anaimirira n'kuyang'ana m'bowo la sinki nthawi yaitali.

Atatembenuka anafunsa kuti, "Bwanji wadikira masabata asanu?"  

Msonkhano wa Lachisanu unachitika, koma apolisi sanaitanidwe. Mayi Majuzi anavomera za thireyi ndi za bodza lija. Awapatsa kalata yowachenjeza, ndipo mawa akubwerera kuntchito. Za ine akuti ndidzamva pa 6 Juni monga tinapanganirana.

Musaganize kuti Mayi Majuzi anandithokoza. Titatuluka pageti anandiyendera patsogolo mpaka pokwerera basi, osatembenuka. Tili pamzere anati, "Mwana iwe. Miyezi yonseyi ndimakukoka mawu ngati ndikuzula dzino. Chinthu chimodzi chokha ndinakupempha, kuti ukhale chete, ndiye pamenepo ndi pamene wasankha kulankhula?"

Ndinati, "Sindinalankhule zambiri. Mawu atatu okha."

"Atatu okha! Ukanafika pa anayi bwenzi nyumba yonse itagwa." Anthu a pamzere anatembenuka.

Basi itabwera anandikankhira kumpando wapawindo, umene nthawi zonse amakhalapo iwo. Njira yonse dzanja lawo linali pabondo langa.

Ndine wanu womaliza.

8 Juni

Amayi anga okondedwa,

Moni kwa inu, achimwene, alamu ndi ana. Ndikhulupirira mawondo akupitirira kukhala bwino. Ine ndili bwino.

Sanandilembe.

Akapitawo anandiitana Lachisanu, Mayi Majuzi akumasulira. Sanakalipe. Anati kutsuka kuja akanakhululuka, chifukwa thireyi inali yofiira ndipo ndinatsata lamulo. Chimene sangathe kusainira ndi masabata asanu aja, pamene munthu wina ankavulidwa majuzi ine ndili pasinki. Atafika pamenepo Mayi Majuzi anasiya kumasulira n'kuyamba kukangana nawo, kuti anandiletsa ndi iwo. Akapitawo anati, "Munamuletsa, koma pakamwa ndi pake." Ndinagwira Mayi Majuzi mkono kuti asiye. Zimene ananena akapitawo n'zoona, Amayi. Zinandipweteka chifukwa n'zoona.

Ndabweza chovala choyera ndi kiyi ya kabati. Ndisanatuluke ndinaona kuti agula mathireyi abuluu, mulu wofika m'chiuno, ndipo pamwamba pa sinki amata pepala lalikulu lakuti kabotolo kotseka kasatsukidwe munthu asanafunse. Amene adzabwere pambuyo panga adzaliwerenga tsiku lililonse osadziwa kuti linachokera pati.

Achimwene, ndikudziwa mwakhumudwa. Denga lidikire pang'ono. Musavutike kundiuza kuti munanena. Munanenadi.

Sindikubwera panopa. Mapepala anga akadali ndi masabata asanu ndi awiri. Adokotala anandipeza pageti n'kundipatsa envelopu. Akuti kumbali ina ya mzinda kuli malo ofufuzira matenda, amodzi mwa amene amagula timabotolo tija, ndipo wotsuka wawo akupuma ntchito. Alemba kalata yondidziwitsa kumeneko. Sanalonjeze kanthu, ndipo akuti ofuna malowo ndi ambiri. Ndikupita Lachiwiri.

Chiyambire dzulo Mayi Majuzi akundiphunzitsa kuyankha m'chilankhulo cha kuno. Amakhala pabedi, kuvala magalasi awo olukira, kupinda manja, n'kudzisandutsa bwana. Lero m'mawa anati, "Eya, mtsikana. Kumene unali unachokako bwanji? Ndipo kweza mutu, nsapato zakozo sizikulemba ntchito."

Ndinati, "Ndinatsuka katundu wa mwezi wathunthu ndisakudziwa. Nditadziwa ndinakhala chete masabata asanu."

Anavula magalasi. "Mulungu wanga! Unene kuti nthawi yako inatha, basi. Ndani wakuuza kuti uyambe ndi zimenezo?"

Ndinati, "Akadzazimva kwa ena adzati ndabisanso."

 Kenaka anati, "Chabwino, wouma mutu iwe. Wanena zimenezo, bwana akukuyang'ana, cholembera chili m'manja. Munthu sasiyira pamenepo. Uonjezerapo chiyani?"

Ndinaganiza. Ndinati, "Ndidzati ndikadzalakwanso ndidzanena tsiku lomwelo."

 Anapukuta magalasi ndi juzi, n'kuwavalanso, n'kupindanso manja. "Bwereza," anatero. "Mokweza. Mpaka a chipinda chinacho agogode khoma."

Ndinabwereza, Amayi. Pa ulendo wachisanu anagogodadi.

Ndine mzime wanu.